Tiitume vairasi, koma tisamve zake zokha

Pali bakiteriya wina amene walowetsa pansi ulimi wa malalanje ku Florida, m'dziko la America, koma kwa zaka zonsezi wakhala akukana kumera yekha m'kambale ka mu labotale. Dzina lake ndi Candidatus Liberibacter asiaticus, ndipo matenda amene amayambitsa amatchedwa huanglongbing. Matendawa anapezeka ku Florida mu 2005. M'nyengo ya 2003 mpaka 2004 alimi a kumeneko anakolola mabokosi 242 miliyoni a malalanje, koma pomatha zaka 20 zokolola zinali zitatsika ndi 90 peresenti n'kupitirirako. Mphepo zamkuntho zinaonongako, minda ina inasanduka malo omangapo nyumba, koma chachikulu ndi bakiteriyayu. Mtengo ukagwidwa, masamba amachita mawanga achikasu osafanana mbali ziwiri za tsamba, zipatso zimakhala zing'onozing'ono, zopotoka ndi zowawa, n'kumayoyoka zisanapse.

Kukana kumera m'kambaleku kumawasowetsa pogwira asayansi. Njira yodalirika yodziwira ntchito ya jini ya bakiteriya, kutanthauza kachigawo ka malangizo achibadwa kouza selo puloteni yoti lipange, ndi yosavuta kuimva. Mumachulukitsa bakiteriyayo, n'kuchotsa jini imodzi, kenako n'kumulowetsa m'chomera. Matenda akachepa mphamvu, mwadziwa kuti jiniyo inali ndi mbali yake. Mukaibwezeretsa, matenda n'kubwereranso, umboni wakwana. Stanley Falkow anasanja mfundo zimenezi mu 1988, potengera zimene Robert Koch anakhazikitsa m'ma 1880. Nanga bakiteriya amene simungathe n'komwe kumuchulukitsa, jini mumuchotsa bwanji?

Apa m'pamene mavairasi a zomera alowererapo. Wasayansi amatenga jini imodzi ya bakiteriya, n'kuilumikiza m'kati mwa vairasi, ndipo vairasiyo imainyamula kukaifikitsa m'maselo a chomera. Ine ndili kumbali ya njira imeneyi ndi mtima wonse, ndipo pa matenda ngati a malalanjewa sindikuona ina imene ingalowe m'malo mwake. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kuthamangira kugamula. Tsamba la chomera cha mu labotale likachita chikasu kapena likauma, n'kosavuta kulengeza kuti jini yoyambitsa matenda yapezeka, pamene chapezeka ndi jini yoyenera kuifufuza bwino basi. Alimi amene akudikira mankhwala kapena mbewu yopirira ndi amene amalipira kusiyana kwa ziwirizi, chifukwa ndalama ndi zaka za kafukufuku zimatsatira chimene chalengezedwa.

Kuti timve chifukwa chake vairasi ikutha kugwira ntchito ya bakiteriya, tione mmene bakiteriya amadwalitsira chomera. Ambiri mwa iwo, monga Pseudomonas syringae ndi Xanthomonas, salowa m'kati mwa selo. Amakhala m'mipata ya pakati pa maselo, n'kumera kachubu kakang'ono kwambiri koboola khoma la selo, ndipo m'kachubumo amadutsitsa mapuloteni awo kulowa m'kati. Mapuloteni amenewa, amene asayansi amawatcha ma effector, ndi amene amazimitsa chitetezo cha chomera ndi kusokoneza kakulidwe kake kuti bakiteriyayo apeze madzi ndi chakudya. Chomeranso sichingokhala. Chili ndi majini ake ozindikira ena mwa mapuloteniwa, ndipo chikazindikira chimapha msanga maselo a pamalopo. Jini yoyamba ya bakiteriya ya mtundu wozindikirikawu anaipatula Brian Staskawicz ndi anzake mu 1984. Ya phwetekere yotchedwa Pto, imene imazindikira puloteni ya Pseudomonas yotchedwa AvrPto, anaipatula Gregory Martin ndi anzake ku Cornell mu 1993. Pofika 1996 magulu angapo anali atasonyeza kuti kuzindikiranaku kumachitikira m'kati mwa selo la chomera.

Ngati ntchito yonse ikuchitikira m'kati mwa selo, ndiye kuti poyesa, bakiteriya mwini wake angathe kusakhalapo. Chofunika ndi chonyamulira jiniyo. Mu 1992 gulu la David Baulcombe ku Norwich, ku England, linakonza Potato virus X, yodziwika kuti PVX, kuti izinyamula jini yachilendo. Ndi vairasi yaing'ono, ya zilembo pafupifupi 6,400 za RNA, kachingwe kamene majini ake analembedwamo, ndipo imayenda msanga m'chomera chonse.

Ntchitoyo ukaiona imaoneka yopepuka. Pa tebulo pali timiphika ta Nicotiana benthamiana, wachibale wa fodya wochokera ku Australia, wa masabata anayi kapena asanu. Wofufuza amatenga sirinji yopanda singano, yodzaza madzi otuwa a Agrobacterium, bakiteriya wa m'dothi wotha kulowetsa majini m'maselo a zomera, atanyamula DNA ya vairasi ija. Amatembenuza tsamba, chala n'kuchinga kuseri, n'kukanikiza pang'onopang'ono. Madzi amayenderera m'kati mwa tsamba, pamalopo n'kudera, bwalo lonyowa likukulirakulira mpaka kugunda mtsempha. Ena amangobaya tsamba ndi kamtengo kotokosera m'mano kamene akhudzitsa pa mabakiteriyawo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, vairasi imakhala yafika m'masamba a kunsonga amene sirinji sinawakhudze, ndipo selo lililonse limene yalowamo likupanga puloteni ya bakiteriya. Pambali pamaima chomera china cholandira vairasi yopanda katundu, choti ayerekezere nacho.

Kuyesa kumene kumandisangalatsa kwambiri kunachitika mu 1999, mu labotale ya Staskawicz ku Berkeley. Anaika jini ya AvrPto m'kati mwa PVX. Zomera zokhala ndi jini ya Pto zinakana vairasiyo, pamene zopanda Pto zinagwidwa. Taganizirani bwino zimenezi. Jini ya Pto ndi yoteteza ku bakiteriya, ilibe nazo ntchito za mavairasi, ndipo m'chomeramo munalibe Pseudomonas ndi mmodzi yemwe. Koma puloteni imodzi yokha ija inali yokwanira kudzutsa chitetezo, chitetezocho n'kutsekereza chilichonse chimene chinaibweretsa. Umboni woyera chonchi ndi wovuta kuupeza ndi bakiteriya wamoyo, amene amalowetsa mapuloteni ambirimbiri nthawi imodzi.

Komabe Pseudomonas amamera m'kambale, ndipo za iye tikanazidziwa m'njira zinanso. Kumene vairasi yatsegula khomo limene linali lotsekeka ndi ku mabakiteriya a m'timitsempha tonyamula shuga kuchokera m'masamba, makamaka otchedwa phytoplasma. Amenewa alibe khoma la selo, amafalitsidwa ndi tizilombo toyamwa madzi a zomera, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankati matenda awo ndi a vairasi, mpaka mu 1967 pamene Yoji Doi ndi anzake ku Tokyo anawaona ndi makina oonera tinthu tating'ono kwambiri. Zimene amachita pa chomera n'zodabwitsa. Chomera chimapinimbira, chimaphuka tinthambi tambirimbiri tothinana pamalo amodzi, ndipo maluwa ake amasanduka masamba obiriwira moti sichiberekanso mbewu. Funso loti kabakiteriya kotsekeredwa m'mtsempha kamatha bwanji kusintha maonekedwe a chomera chonse linakhala lopanda yankho kwa zaka 40.

Mu 2004 gulu la Shigetou Namba ku yunivesite ya Tokyo linawerenga majini onse a phytoplasma wina wodwalitsa anyezi. Pa mndandandawo anasankha majini a mapuloteni ooneka kuti amatulutsidwa kunja kwa bakiteriya, n'kumawaika m'modzim'modzi m'kati mwa PVX. Ambiri sanasinthe kanthu. Imodzi inapinimbiritsa benthamiana n'kumuphukitsa tinthambi tothinana tija. Anaitcha TENGU, n'kufalitsa zotsatirazo mu 2009. Ndi kapuloteni ka tizigawo 38 tokha, ndipo kamasokoneza ntchito ya auxin, homoni ya zomera imene imalamulira kakulidwe ka nthambi. Pambuyo pake gulu lomwelo linagwiritsa ntchito vairasi ina, Apple latent spherical virus, imene payokha sionetsa zizindikiro pa zomera zambiri, kunyamula puloteni yosandutsa maluwa masamba, ndipo maluwa a zomera za mabanja osiyanasiyana anasandukadi. Maluwa satuluka pa tsamba lothiridwa madzi ndi sirinji. Pamafunika chinthu choyenda ndi chomera pamene chikukula mpaka chifike pochita maluwa, ndipo vairasi imachita zimenezo.

Vairasi imagwiranso ntchito mbali inayo, ya chomera. Chomera chikaona RNA ya vairasi chimaidula tizidutswa, ndipo RNA ina iliyonse yofanana ndi tizidutswato imaonongedwa limodzi. Tsono mukaika kachigawo ka jini ya chomeracho m'kati mwa vairasi, chomera chimazimitsa chokha jini yake. Izi zinasonyezedwa mu 1995 ndi Tobacco mosaic virus yonyamula kachigawo ka jini yoteteza masamba ku dzuwa: masamba atsopano anatuluka oyera mbee. Ndi njira imeneyi mungafunse kuti ndi majini ati a chomera amene amafunika kuti chikane bakiteriya.

Kafukufuku wina wa mtundu umenewu ndi amene amandichititsa kunena kuti tisathamange. Mu 2003 gulu la Baulcombe linayesa zigawo za majini 4,992 za benthamiana pogwiritsa ntchito PVX, pofuna kuona kuti ndi ziti zimene zikazimitsidwa, chitetezo cha Pto chimagwa. Zigawo 79 zinaletsa kufa kwa maselo kumene kumaoneka ndi maso pa tsamba. Atawerenga mabakiteriya enieni m'tsambamo, anapeza kuti mwa 79 zija, 6 zokha ndi zimene zinalola Pseudomonas kuchulukana. Zamphamvu kwambiri zinali za puloteni ya chomeracho yotchedwa HSP90. Pa zina 73 tsamba linkaoneka ngati chitetezo chagwa, koma bakiteriya anali akadaletsedwa. Ofufuzawo anatha kuona kusiyanaku chifukwa Pseudomonas amawerengeka m'kambale. Amene akufufuza Liberibacter alibe mwayi umenewo, ndipo kawirikawiri chimene ali nacho ndi maonekedwe a tsamba, omwe aja amene mu 2003 anasocheretsa nthawi zambiri kuposa zimene analondola.

Vairasi ili ngati mthenga amene amafikitsadi uthenga, koma amaonjezerapo mawu ake. PVX ili ndi puloteni yake, p25, imene imafooketsa chitetezo cha chomera, ndipo izi zinadziwika mu 2000. Payokha imachititsa mawanga pa tsamba. Mukainyamulitsa puloteni ya bakiteriya, zizindikiro n'kukula, pali mayankho awiri: mwina puloteniyo ndi yoopsa payokha, mwinanso yangothandiza vairasi kuchulukana, ndipo mukuonazo ndi matenda a vairasi amene akula. Chomera choyerekezera chija chimathandiza, koma sichithetsa funsoli.

Benthamiana mwini ali ndi vuto lake. Mtundu umene uli m'malabotale ambiri padziko lapansi uli ndi jini yachitetezo yolemala, yotchedwa RDR1, ndipo n'chifukwa chake umagwidwa ndi mavairasi ochuluka chotere. Kulemalako n'kumene kunaupangitsa kukondedwa. Koma zikutanthauza kuti tikufunsa za matenda a lalanje, mtengo wa zaka makumi, kwa kachitsamba ka masabata ochepa kokhala ndi chitetezo chopereŵera. Puloteni ya m'chomera imene effector amailondola mwina mu benthamiana mulibe, kapena ilimo koma ndi yosiyana.

Palinso za kuchuluka ndi malo. Bakiteriya amatulutsa puloteni yake pang'ono, pa nthawi yake, m'maselo ochepa. Vairasi imaipanga yambiri, m'maselo a mitundu yonse, osalekeza. Puloteni yachilendo ikadzadza m'selo ingathe kuliwononga ngakhale kuti m'matenda enieni sichita zotero. Liberibacter amakhala m'mitsempha ya shuga mokha, pamene PVX imafalitsa puloteni yake m'tsamba lonse.

Chinthu chimene ndimaona kuti n'chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti mapuloteniwa sagwira ntchito paokhapaokha. Pseudomonas syringae wa mtundu wa DC3000, amene amadwalitsa phwetekere, ali ndi ma effector pafupifupi 30. Mukachotsa imodzi, nthawi zambiri sipasintha kanthu chifukwa ina imagwira ntchito yomweyo. Gulu la Alan Collmer ku Cornell linachita kuchotsa 28, bakiteriya n'kufookeratu, kenako n'kuyamba kubwezeretsa pang'onopang'ono. Mu 2011 linasonyeza kuti 8 zosankhidwa bwino zinabwezeretsa mphamvu pafupifupi zonse, ndiponso kuti zina zimaoneka ntchito yake pokhapokha zinzake zitayamba zatsegula njira. Ina imene payokha imapha maselo, m'bakiteriya weniweni imabisidwa ndi inzake. Vairasi imanyamula imodzi. Choncho ingatiuze kuti puloteni yakuti ingathe kuchita chakuti, koma singatiuze kuti popanda puloteniyo matenda sangachitike. Mbali ya mfundo za Falkow yochotsa jini ija imakhala isanayankhidwe.

Ngakhale zotsatira zakuti palibe chachitika n'zosadalirika. Vairasi sikonda katundu wosaithandiza, ndipo pochulukana imataya jini yachilendo, makamaka ikakhala yaitali. Yotaya katunduyo imathamanga kuposa yonyamula, n'kuyamba kufika kunsonga. Wofufuza amene sanayeze ngati jiniyo ikadalimo m'masamba a pamwamba angachotse pa mndandanda puloteni imene inali yofunika kwambiri.

Wina anganene kuti ngati mavuto ndi ochuluka chonchi, bwanji osangoisiya vairasiyo. Agrobacterium payekha amatha kulowetsa jini m'tsamba popanda vairasi, ndipo mungathenso kupanga chomera chokhala ndi jiniyo mpaka kalekale. Zonsezi n'zoona ndipo zikugwiritsidwa ntchito. Gulu la Saskia Hogenhout ku John Innes Centre, malo ofufuzira za zomera ku Norwich, linapeza ntchito ya mapuloteni a phytoplasma otchedwa SAP11 ndi SAP54 ndi tizitsamba ta mu labotale totchedwa Arabidopsis tosinthidwa majini. Koma njira yoyambayo imagwira pa kabwalo konyowa kaja kokha, kwa masiku ochepa, ndipo singaonetse kupinimbira, nthambi kapena maluwa. Yachiwiriyo imatenga miyezi pa Arabidopsis ndi zaka pa mtengo, ndipo mbewu zambiri n'zovuta kuzisintha majini. Mukakhala ndi majini makumimakumi okayikiridwa, simungapangire iliyonse mtengo wake. Vairasi imakusefereni mndandanda m'masabata ochepa, kuti zaka zanu muzithere pa majini oyenera. Kuisiya chifukwa ili ndi malire kungakhale kudzibweza m'mbuyo dala.

Chofunika ndi kutsiriza ntchito, ndipo a TENGU aja anaonetsa mmene imatsirizidwira. Sanalekere pa PVX. Anapanga Arabidopsis wokhala ndi jiniyo popanda vairasi, zizindikiro n'kubwera zomwezo. Anakafufuzanso puloteniyo m'zomera zodwaladi ndi phytoplasma, n'kuipeza itatuluka m'mitsempha kufika kunsonga zophukira, kumene bakiteriya mwini safikako. Njira zitatu zosiyana zinaloza kumodzi. Umenewu ndiye muyezo umene akonzi a magazini a sayansi ndi opereka ndalama ayenera kuumirira asanalole mawu akuti jini yoyambitsa matenda. Kusefa ndi vairasi n'kofulumira ndipo kumabala nkhani msanga, pamene kutsimikizira m'mbewu yeniyeni n'kochedwa ndipo sikupatsa munthu dzina. Ndalama zikangotsatira chofulumira, mindandanda idzachuluka koma mlimi sadzaona kusintha.

Za chitetezo cha anthu ndi minda sindingazilumphe. Vairasi yonyamula jini yofooketsa chitetezo cha zomera ndi chinthu chamoyo chotha kufala. PVX imapatsirana ndi kukhudzana kwa masamba, manja ndi zida. N'zoona kuti imakonda kutaya katundu wake, ndiponso kuti mavairasi ena a mu labotale anachotsedwa majini owathandiza kunyamulidwa ndi tizilombo, koma zimenezi sizilowa m'malo mwa zipinda zotseka, zotchinga tizilombo, ndi kuphika dothi, miphika ndi zinyalala zonse pa nthunzi yotentha zisanatayidwe. Pali malire ena amene ndikuona kuti n'ngofunika kuwasunga. Mu 2016 bungwe la DARPA, la kafukufuku wa asilikali a America, linayamba ntchito yotchedwa Insect Allies, yofuna kuti tizilombo tizifalitsa mavairasi osinthidwa ku mbewu zimene zili kale m'munda. Mu Okutobala 2018 asayansi ndi akatswiri a malamulo a ku Germany ndi France analemba m'magazini ya Science kuti luso lotere lingasandutsidwe chida chankhondo mosavuta. Nkhawa yawo ndimagwirizana nayo. Kufufuza m'chipinda chotseka ndi kumwaza ndi tizilombo touluka ndi zinthu ziwiri, ndipo asayansi a mavairasi akapanda kuzisiyanitsa momveka, anthu adzazikana zonse pamodzi.

Pa malalanje, njira yochepetsera mavuto ambiri amene ndatchulawa ilipo kale. William Dawson ndi anzake ku yunivesite ya Florida anathera zaka zambiri akukonza Citrus tristeza virus kuti izinyamula majini. Ndi vairasi yaikulu, ya zilembo zoposa 19,000, yovuta kuigwira, koma imakhala m'mitsempha ya shuga ya lalanje, momwemo mmene Liberibacter amakhala, ndipo imasunga jini yachilendo kwa zaka. Majini a bakiteriyayu anawerengedwa mu 2009, kuchokera m'kachilombo kouluka kamene kamamufalitsa, ndipo kuchokera apo mapuloteni ake angapo ayesedwa mu benthamiana. Mu 2018 gulu la Wenbo Ma ku Riverside, ku California, linasonyeza kuti imodzi, SDE1, imatsekereza mapuloteni ena achitetezo a lalanje lenilenilo. Puloteni iliyonse imene yaonekera pa kusefa kwa PVX iyenera kupita kumeneko: m'mtengo wa lalanje, m'mtsempha wake, pa mlingo woyandikira umene bakiteriya amatulutsa, ndipo ngati n'kotheka ziwiri kapena zitatu pamodzi. Kuyesa kumodzi kotere kumadya miyezi yambiri, mwinanso zaka, ndipo opereka ndalama ayenera kulemba nthawi imeneyo m'mapangano awo kuyambira pachiyambi.